Mbali Yofunda ya Bedi 4

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka. BP 172/112, mapazi atupa ngati buledi, mimba ya masabata 31. Ndinangobwera kusikelo ndi kachikwama ka m'manja, ndikuganiza kuti masana ndikhala ndili ku ofesi. Namwino atandiyeza kachiwiri sanachulutse gaga m'diwa. Anandilanda kachikwamako n'kundiuza kuti ntchito yanga tsopano ndi kugonera kumanzere.

Kwa amene adzatole kope ili: ine ndi uja amalemba tsamba la nthabwala m'nyuzipepala Loweruka lililonse, woseka mabwana a m'maofesi. Chipatala ndachisekapo kasanu. Lero ndagona m'kamwa mwake, ndipo ndikulankhula ndi aliyense mwaulemu umene mayi anga ondibereka sanauonepo.

Mankhwala: magnesium sulphate woletsa kukomoka, jakisoni thako lililonse, amawotcha ngati wakhalira mbaula. Dexamethasone wokhwimitsa mapapo a mwana. Nifedipine wa BP. Ndizilemba zonse. Bambo a kunyumba ndi amene abweretsa kope ndi bolopeni. Akuti ndikapanda kulemba ndiyamba kulankhula, ndiye atithamangitsa tonse.

Lachitatu, 5 Juni

BP 160/105. Mutu. M'maso mukuuluka tinyenyezi. Mkodzo akuuyeza m'botolo mosamala ngati akukaugulitsa.

Apongozi abwera ndi nthochi, tiyi ndi malangizo. Malangizo ndiwo anachuluka. Akuti matendawa ndi a anthu ophunzira, magazi amathawira kumutu kukaona madigiri.

Lachisanu, 7 Juni

Opaleshoni 10 koloko m'mawa. Mtsikana, 1.4 kg. Analira kamodzi, ngati chitseko cha kabati. Anandionetsa phazi lokha n'kuthamanga naye.

Ali moyo. Sindingathe kulemba zambiri.

Loweruka, 8 Juni

Ndayenda mpaka ku nazale, chipinda cha makanda odwala, dzanja limodzi pakhoma, lina pabala. Pakhomo umavula nsapato, umasamba m'manja mpaka m'zigongono, kenako umavala gauni imene avala kale amayi ena makumi atatu. Ukhondo nawo uli ndi polekezera.

Mabedi ndi 18, ana ndi 41. Masamu amenewa safuna digiri: bedi lililonse ana awiri, ena atatu, ogonekedwa chopingasa ngati timitolo. Onse avala zipewa zoluka zachikasu, mphatso ya anthu achifundo amene zikuoneka kuti anali ndi ulusi wa mtundu umodzi. Onse afunditsidwa mpaka m'maso. Chooneka ndi kadzanja kokha kamene kali ndi kanula, kapaipi kobayiramo mankhwala.

Wanga ali pa Bedi 4, mbali ya kukhomo. Pano amati 4B. Apongozi atamusuzumira pawindo anangoti, "Kanthu kakang'ono bwanji!" Dzina lenileni lidikire kaye. Pakali pano ndi Kanthu.

Mbali ya kukhoma, 4A, kuli mnyamata wa 3.2 kg amene amayi onse amutcha Chimphona. Anachedwa kulira pobadwa ndipo masiku oyamba ankakomoka. Amake amagulitsa tomato pamsika, bedi lawo m'wodi layandikana ndi langa. Anandipeza ndikulimbana ndi bere ndi kakapu, madontho atatu pa mphindi khumi.

"Asisi, mukulipempha chilolezo berelo? Gwirani chonchi. Si bolopeni iyi."

Anandigwira okha, mkaka n'kutuluka. Ndinalira pang'ono, iwo n'kumayang'ana kudenga ngati kuli nkhani.

Lamlungu, 9 Juni

Ndaonerera mmene mankhwala amayendera, poti kanema wina kulibe.

Dokotala wathu ndi wachinyamata, wa maso ofiira, ndipo amayang'anira nazale ndi wodi ya ana nthawi imodzi. Amayi amamutcha Dokotala wa Foni chifukwa mlingo uliwonse amawerengera pafoni, sikelo ya mwana kuchulukitsa ndi zakutizakuti. Akatero amalemba pafayilo ngati papalasa nkhuku. Mafayilowo sakhala pabedi, amakhala mulu patebulo la anamwino.

Patebulo pomwepo amakoka mankhwala a ana onse nthawi imodzi. Mabotolo ake ndi a anthu akuluakulu, pamene khanda limafuna kadontho, ndiye ndi kusungunula ndi madzi, kukoka, kusungunulanso. Sirinji iliyonse amaimata kapulasitala: 1A, 1B, 2A, mpaka kumapeto. Kenako thireyi imazungulira bedi ndi bedi. Polemba saona sirinji, pokoka saona mwana, pobaya saona fayilo. Boma lenileni.

Anawa anali ndi timapulasitala ta maina pamkono, koma tinamatuka ndi thukuta ndi mafuta odzola. Zibangili zenizeni za maina akuti zinatha chaka chatha. Ndinafunsa namwino wathu, mayi wamfupi amene sadziwa kuyenda koma kuthamanga, a Changu.

"Ndiye mumawasiyanitsa bwanji?"

"Mayi, ine muno ndatha zaka 14. Ndimawadziwa ndi kalilidwe komwe. Inu kamani mkaka."

Ndinaseka. Ndinati nkhani ya Loweruka ndaipeza, ndi mutu wake womwe.

Za Kanthu, zimene ndakopera pafayilo a Changu atatembenuka: gentamicin 4 mg kamodzi patsiku ndi penicillin, olimbana ndi tizilombo, aminophylline womukumbutsa kupuma, poti ana a msinkhu wake amaiwala. Mkaka 6 ml pa maola atatu aliwonse, kudzera m'kapaipi ka m'mphuno.

Lolemba, 10 Juni

Kanthu 35.3. Wazizira. Timapazi ngati tachokera mufiriji.

Pamwamba pa Bedi 4 pali hita ya mipiringidzo iwiri. Wa kukhoma umayaka, wa kukhomo unafa. Chimphona akutuluka thukuta ndi mafuta ake onsewo, wanga wa mafupa okhaokha ali pamphepo ya chitseko chimene chimatsegulidwa kakhumi pa ola. Dokotala wa Foni akuti kuzizira ndi mdani wamkulu wa ana otere, ndimufunditse. Ndamufunditsa nsalu zitatu. Zomuika pachifuwa panga akuti tidikire, kapumidwe kake sikanakhazikike.

Ndinapempha a Changu kuti awasinthanitse anawo. "Ndikathana ndi awa, mayi." Awawo anali ana atatu ofika nthawi imodzi kuchokera kochirira. Sanathane nawo.

Bambo a kunyumba amakonza zamagetsi. Anasuzumira pawindo n'kuti, "Ndi waya chabe uyo. Mphindi khumi." Anakapempha kwa sisitala wamkulu. Anauzidwa kuti katundu wa chipatala amakonza ndi a chipatala, kuti fomu inatumizidwa kale mu Malichi, ndipo ikuyenda bwino.

"Fomu ikuyenda bwino," anatero pobwera. "Yaima ndi hita."

Ine BP 150/98. Bala likutuluka timadzi kumanzere.

Lachiwiri, 11 Juni

M'mawa 35.1, masana 35.0. Mkaka wa 12 koloko sunagayike, unabwerera m'kapaipi.

A Changu apita kukapuma masiku angapo. M'malo mwawo abwereka namwino wa ku wodi ya abambo, munthu wofatsa, amagwira khanda ngati dzira la eni ake.

Ndilemba mmene zinakhalira. Nthawi ya 3 koloko, titamwetsa ana, amayi anayamba kutuluka. Amake Chimphona anali atatsogola. Namwino anali patebulo, atatipatsa msana. Ndinanyamula Chimphona, wolemera ngati njerwa, n'kumuika kukhomo. Ndinanyamula Kanthu n'kumuika kukhoma, pansi pa mpiringidzo woyaka. Onse analibe dripu, makanula okha. Sipanathe mphindi.

Amayi ena ndawaona, amangokankhira ana awo pang'ono kufupi ndi moto. Ine wophunzira ndinagwira ntchito yonse yathunthu, mpaka kukonza zipewa.

6 koloko: 36.4. Amake Chimphona anapeza mwana wawo kukhomo, anamunyamula, anamumwetsa, anamubwezera pomwe anamupezapo. Sanafunse. Ndikuganiza kuti akuyesa ndi anamwino.

Lachitatu, 12 Juni

36.8! Timapazi tofiira. Wagona tsiku lonse osagwedeza ndi chala chomwe. Ndauza bambo ake kuti mwana wapeza mtendere, ndawauzanso zimene ndinachita, mapewa m'mwamba. Akuti akanakhala kuti amasankha ndi iwo, sisitala wamkulu ndikanakhala ine.

Dokotala wa Foni sanafike pa Bedi 4. Ku wodi ya ana akuti kwadzaza mpaka pakhonde.

Lachinayi, 13 Juni

Nthawi ya 12 koloko ndinamuvundukula kuti ndimusinthe thewera. Anali wa mtundu wa phulusa. Chifuwa zii. Ndinawerenga mpaka khumi poyesa kuti ndi maso anga, kenako ndinakuwa.

Anathamangira naye patebulo la pakona, kumupopera mpweya ndi kathumba ka mphira. Anabwerera. Patapita mphindi 20 anasiyanso. Kanayi masana onse. Tsopano ali pa makina othandiza kupuma, timachubu m'mphuno ndi botolo la madzi lochita thovu. Shuga ali bwino. Dokotala akuti mwina tizilombo talowa m'magazi. Atenga magazi.

Ali mkati molimbana ndi Kanthu, Chimphona anayamba kukomoka, koyamba m'masiku anayi. Thupi gwa, maso m'mwamba, kadzanja kakugwedezeka kokha. Zinatenga nthawi. Namwino ankangobwereza, "Koma ndamubaya m'mawa, adokotala, ndasaina, onani apa." Naye anamutengera patebulo lina. Bedi 4 linatsala lokha.

Ndinapita kukatenga nsalu za Kanthu kukhoma kuja. Pozikutumula munagwa sirinji yotha ntchito, yoiwalika m'mawa. Pa kapulasitala: 4A.

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Lamlungu ndinaziona zonse ndi maso angawa, thireyi, timapulasitala, zonse, ine n'kuseka. Ndinapeza ndi mutu womwe wa nkhani.

Ndaibisa m'kachikwama. Sindinauze munthu.

Lachisanu, 14 Juni

Ndinadziuza kuti mwina sirinjiyo inangogwera kumeneko. Ndinadziuza kuti oyeza magazi apeza okha. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa nkhope ya amake Chimphona.

9 koloko Kanthu anali lende, ukamukweza dzanja limagwa ngati chingwe. Thewera louma kuyambira dzulo madzulo. Ndinamva dokotala akuuza namwino kuti magazi sakuonetsa zachilendo, akonze zomutenga madzi a kumsana. Singano pamsana wa mwana wa 1.4 kg, kufunafuna matenda amene ali m'kachikwama kanga.

Ndinamutsatira pakhonde.

"Adokotala, pepani." Ndinamuika sirinji m'dzanja. "Lachiwiri 3 koloko ndinawasinthanitsa. Wanga anali kukhoma, mnyamata uja kukhomo."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatulutsa foni, anawerengera, anaibwezera m'thumba.

"Mnyamata uja amalandira phenobarbitone woletsa kukomoka, 16 mg, ndi gentamicin 16 mg. Wanu gentamicin wake ndi 4. Ndiye Lachitatu ndi Lachinayi wanu wakhala akulandira mankhwala ogonetsa a mwana womuposa kawiri, womukumbutsa kupuma uja n'kumalandira mnzakeyo."

"Achira?"

"Phenobarbitone amatuluka yekha, koma mwa mwana ngati uyu amatenga masiku. Timuthandize kupuma mpaka atuluke. Amene sindikumukonda ndi gentamicin. Amapweteka impso ndi makutu." Anadzipukuta kumaso. "Munaipeza liti sirinjiyi?"

"Dzulo masana."

"Mukanandiuza dzulo, gentamicin wa lero m'mawa sitikanamubaya."

Anathamanga kukaletsa singano ya kumsana ija. Gentamicin amusiyitsa. Amuika dripu.

Bambo a kunyumba nditawauza anakhala pabenchi, manja m'mutu. Anati, "Ndikanangoikonza hita ija, andimange." Aliyense akufuna chidutswa cha mlanduwu. Waukulu ndi wanga, asandilande.

Loweruka, 15 Juni

Pa tsamba langa m'nyuzipepala aikapo chithunzi cha mpira.

Matewera a Kanthu akuwayeza pasikelo. M'mawa mkodzo 4 g, masana 7 g. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzapempherera mkodzo. Wasiya kupuma kawiri, kawiri konse wabwerera atamusisita kumsana.

A Changu abwerera. Anandiyang'ana kamodzi. "Munandipempha Lolemba," anatero, "ine n'kuti ndikathana ndi awa. Ndikanasuntha ine, ndikanasuntha ndi manambala omwe." Atatero anathamanga.

Chimphona akukomokabe, amuwonjezera mankhwala achiwiri. Amake sakudya. Ndinawapatsa nthochi za apongozi, n'kundithokoza ndi manja awiri.

Ine thupi latentha, 38.6. Bala lachita mafinya, achotsa ulusi uwiri, akulitsuka m'mawa ndi madzulo. Andiyambitsa ceftriaxone. Namwino asanandibaye ndinamupempha andionetse botolo. Anandiyang'ana ngati ndamupempha chitupa cha ukwati.

Lamlungu, 16 Juni

Chimphona wamwalira 11 koloko m'mawa.

Anamukulunga m'nsalu yobiriwira imene amake anagula yoti akatulukire nayo. Namwino wa ku wodi ya abambo anabwera ngakhale sanali pa ntchito, anaima pakhomo la nazale osalowa.

Ndinamufunsa dokotala ngati mwanayo wafa chifukwa chosowa mankhwala ake masiku awiri aja. Anati, "Ubongo wake unavulala pobadwa. Mwina akanapitabe. Mwina ayi. Ine sindikudziwa, ndipo amene angakuuzeni kuti akudziwa akunama."

Kanthu: mkodzo 15 g.

Lolemba, 17 Juni

Amake Chimphona awatulutsa. Dzulo sisitala wamkulu anawaitanira mu ofesi ndi amuna awo n'kuwauza kuti panachitika cholakwika pa kaperekedwe ka mankhwala. Cholakwikacho chinangochitika chokha, chopanda manja, chopanda dzina.

Ndinawapeza akulongedza: kapu, chisa, timalaya tosavalidwa. Amuna awo ankadikira panja. Ndinakhala pabedi lawo.

"Asisi, ndine. Anawo ndinawasinthanitsa ndine, Lachiwiri."

Anapitiriza kupinda nsalu.

"Ndikudziwa. Ndinabwerera kudzatenga kapu yanga, ndinakuonani pagalasi la chitseko."

Anaika nsalu ija pa zinzake n'kupitiriza.

"Ndinali nditationa timapazi ta wanu, tili bii. Ndinati wanga ndi wonenepa, bulangete ali nalo m'thupi, amusiyireko mnzake. Ndinati ndikanena, anamwino akukalipirani, inu ndi BP yanuyo." Anamanga mfundo ya katundu, anaikoka ndi mano. "Ndiye musamangoti ndine, ndine. Tinamusuntha awiri."

"Ayi, asisi, inu simuna..."

"Basi. Mkaka muzikama mbali zonse, mumakondera lakumanja."

Anandisiyira beseni, akuti sakufuna kulionanso. Mkaka unali utawanyowetsera bulauzi. Potuluka anaphimba ndi chikwama.

Lachitatu, 19 Juni

Kanthu watsegula maso. Wagwira kapaipi ka m'mphuno n'kukazula, a Changu n'kumutukwana mosangalala: "Iwe kambanda, wadzuka eti?" Mkodzo 30 g. Sanasiye kupuma kuyambira Lolemba.

Hita aikonza. Anabwera anthu atatu, mmodzi wogwira waya, awiri ogwira fomu. Mphindi khumi ndi ziwiri. Bambo a kunyumba anaphonya ndi ziwiri.

Dzulo kunali msonkhano m'chipinda choyandikana ndi wodi yathu. Ndinamva kulira kwa mabotolo a zakumwa, ndiye ndinadziwa kuti nkhani ndi yaikulu. Wokolopa akuti poyamba ankafuna namwino wa ku wodi ya abambo alembe kalata yofotokoza chifukwa chimene asamulangire. Kenako wina anaganiza zoletsa amayi kugwira ana. M'nazale.

Masana kunabwera mayi wa ku famase, kosungira mankhwala, wa magalasi ochindikala, n'kukhala pabedi langa ndi fayilo. Ndinayesa abwera kudzanditenga.

"Sindinabwere kudzakuzengani mlandu. Ndikufuna zonse, ola ndi ola. Akuti mumalemba."

Ndinawapatsa kope ili. Anawerenga osaseka, ngakhale pamene ndinayesetsa.

"Inu munasuntha mwana," anatero. "Mwezi watha okonza pansi anasuntha bedi lathunthu, 9 n'kukhala 10. Tinachita mwayi, ana onsewo anali pa mankhwala ofanana. Wina analandira mlingo wa sikelo yongoyerekeza kwa sabata yathunthu chifukwa batire la sikelo linatha. Wina dokotala analemba bwinobwino, koma posungunula madzi anachepa. Zoterezi sizilembedwa paliponse, aliyense amaopa kalata. Zaka ziwiri ndakhala ndikupempha kuti ndizikwera kuno m'mawa uliwonse kudzaona zimene madokotala alemba. Amati ntchito yanga ndi kuwerenga mabotolo."

"Ndiye pano avomera?"

"Pano pagwa maliro, mayi. Maliro amasainitsa msanga."

Za kalata ya namwino uja akuti anaikana mumsonkhano. Anawafunsa kuti munthu alangidwe bwanji chifukwa chobaya 4A pa 4A.

Lachisanu, 21 Juni

Kanthu amuchotsa pa makina. Akupuma yekha, mofulumira ngati wathamangitsidwa, koma yekha. Mkaka 14 ml. Wabwerera pa bedi la awiri, mnzake ndi kamtsikana ka mapasa.

Kachitidwe katsopano kayamba. Mwana aliyense ali ndi kapepala kuphazi, kokutidwa ndi selotepi: dzina la amake, tsiku lobadwa, sikelo ya lero. Sirinji ikulembedwa dzina, osati bedi, ndipo fayilo ikupita nawo pabedi. Pakhoma amata ndandanda wa milingo malinga ndi sikelo, kuti foni ya dokotala ikhale ndi woitsutsa. Mayi wa ku famase amafika 8 koloko ndi bolopeni yofiira. Lero abweza zolemba ziwiri. Dokotala wa Foni anachita manyazi, kenako anathokoza, kenako anachitanso manyazi.

Lamulo likuti anthu awiri aziwerenga asanabaye. A Changu ali okha ndi ana 39.

"Wachiwiriyo ndimuumbe ndi dothi?"

Ndiye wachiwiri ndife amayi. Amatitchulira dzina ndi sikelo, ife n'kugwira kaphazi n'kuvomera. Osatha kuwerenga amafunsa mnzawo wa pambali. Ntchito ya mphindi 40 ikutenga maola awiri, ndipo a Changu akuti tione ngati zifike Khirisimasi.

Chikwangwani nacho chabwera, chokongola, cha chithunzi cha mwana wonenepa amene sanagonepo awiri pabedi.

Akonzi a nyuzipepala aimba foni. Akuti owerenga andisowa, ndipo poti ndili pompo, ndiwalembere kena kake koseketsa ka chipatala. Ndati ndilibe.

Lachiwiri, 25 Juni

Atisamutsira ku wodi ya kangaru, kumene ana amakhala pachifuwa cha amawo, khungu kukhungu, omangidwa ndi nsalu. Tilipo amayi khumi ndi awiri, tonse tikuyenda chogwira pamtima ngati tikulumbira kukhoti. Kanthu 1.46 kg, 36.9. Bala langa lauma. BP 138/88.

Dokotala akuti impso zabwerera m'malo mwake. Ndinafunsa za makutu.

"Makina oyezera pano tilibe. Ndikulemberani kalata, mukamuyezetse kwina akakula pang'ono. Ambiri amamva bwinobwino. Ena ayi. Tidikire."

Kalatayo waisindikiza, osati kulemba pamanja. Akuti kuti iwerengeke.

Ndimamulankhula tsiku lonse. Ndamuuza za bambo ake, za apongozi, za nyumba imene sanaione. Akagwedezeka ndimati wamva. Mayi wa bedi la pambali akuti ana amamva ndi chifuwa chomwe, mawu amanjenjemera m'mafupa, ndiye zimenezo sizitsimikiza chilichonse. Sindinawafunse maganizo awo.

Lachinayi, 27 Juni

1.52 kg. Akafika 1.8 atitulutsa.

M'mawa uno wobweretsa tiyi anapunthwa pakhomo. Thireyi yachitsulo, makapu khumi ndi awiri ndi ketulo, zonse pasimenti. Ine ndemwe ndinadumpha mpaka bala kundikumbutsa. Ana m'wodi monse anadzidzimuka, timanja m'mwamba, kenako kulira kwa onse pamodzi, amayi n'kumaseka akuwatonthoza.

Ndinasuzumira m'nsalu. Kanthu anali mtulo, kamwa pang'ono yasa, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

Namwino akuti ana osakwana masiku amagona tulo tofa nato, ndisaganize zambiri.

Inali 10:40.